Vesiti yowonera mbuna: musanagule, yang'anani lamba ndi valavu

Alendo a ku Blantyre, Zomba ndi Lilongwe ayamba kundifunsa kawirikawiri kuti agule vesiti yotani yoti azivala akabwera kudzawona nsomba, yopindika bwino, yolowa m'chikwama. Ambiri mwa iwo amafika kunyanja kamodzi kapena kawiri pa chaka, pa Isitala, pa Tsiku la Anakubala kapena pa Khirisimasi, ndipo safuna kusenza chinthu chodzaza galimoto. Ntchito yanga ndi yoperekeza anthu pa boti kuchokera ku Chembe, ku Cape Maclear, kupita ku chilumba cha Thumbi ndi ku Otter Point, komwe timawaveka magalasi a m'madzi ndi snorkel (paipi yopumira nkhope ili m'madzi) kuti awone mbuna, tinsomba tokongola tokhala m'miyala. Vesiti zimenezi ndimaziwona zikamathandiza, ndimaziwonanso zikakanika.

Tiyambe tamvana kuti chinthuchi n'chiyani. Vesiti ya snorkel ndi thumba la mpweya lovala pachifuwa, lokhala ndi kapaipi kofika pakamwa. Mukatopa mumauziramo mpweya n'kuyandama, mukafuna kutsika pansi kuti muyandikire nsomba mumautulutsa. Inapangidwa kuti mugone chafufumimba pamwamba pa madzi, nkhope ili m'madzi. Apa ndi pamene imasiyanirana ndi laifi jaketi. Laifi jaketi yeniyeni ntchito yake ndi yotulutsa kamwa ndi mphuno za munthu pamwamba. Pa muyeso wa padziko lonse wa ISO 12402, ya 150N (nambalayi ikusonyeza mphamvu yake yoyandamitsa munthu) inakonzedwa kuti itembenuze munthu wokomoka agone chagada, pomwe ya 50N ndi yongothandizira munthu wodziwa kale kusambira pafupi ndi gombe. Vesiti zambiri za snorkel sizilowa n'komwe m'gulu limeneli, ndipo opanga ake amalemba okha pa chinsalu kuti si chida chopulumutsira moyo. Munthu akakomoka atavala vesiti yotere, akhoza kuyandama nkhope ili pansi.

Ndiye ngati simudziwa kusambira, chonde musagule vesiti imeneyi poganiza kuti mwathana nalo vuto. Valani laifi jaketi ya siponji yomwe sibowoka, khalani pafupi ndi boti, ndipo mbuna mudzaziwonabe chifukwa zimakhala m'miyala yosaya. Chimodzimodzi ana. Mwana wosadziwa kusambira sayenera kudalira chinthu chomwe iye mwini akhoza kutsegula valavu yake, kachotsekera mpweya ka pa kapaipi, posewera.

Kwa inu odziwa kusambira pang'ono, amene mpweya umakutherani msanga kapena mwendo umakukokani mukakhalitsa m'madzi, vesitiyi ndi yabwino ndithu. Ndipo kuno imafunika kuposa momwe otsatsa malonda pa intaneti amanenera, chifukwa iwo amaijambula m'nyanja ya mchere. Madzi a mchere ndi olemera kuposa athuwa ndi magawo awiri ndi theka pa 100 aliwonse, choncho amanyamula thupi mosavuta. Munthu wa makilogalamu 70 amanyamulidwa ndi mphamvu yocheperako ndi pafupifupi makilogalamu awiri akakhala m'nyanja ya Malawi kusiyana ndi ku Zanzibar kapena ku Mauritius. Amene munasambirako kumeneko n'kuwona ngati madzi akukutengani okha, kuno miyendo idzafuna kumira. Lita imodzi ya mpweya imanyamula pafupifupi kilogalamu imodzi, ndiye kuuzira kawiri kapena katatu kumabweza zomwe madzi opanda mchere akulandani.

Pali mitundu iwiri yomwe mudzakumana nayo. Woyamba ndi wolowetsa mutu, thumba n'kugwera pachifuwa, kumbuyo kuli malamba okhaokha. Wachiwiri umavalidwa ngati jekete, uli ndi zipi kutsogolo ndi nsalu kumsana. Kwa munthu wobwera kunyanja mwa apo ndi apo, ine ndimasankha woyambawo. Umapindika n'kukhala waung'ono ngati thawulo la kumaso, umauma msanga, ulibe zipi yoti igwire mchenga, ndiponso umodzi womwewo bambo ndi mayi akhoza kubwerekana pongosintha malamba. Wa jekete uli ndi ubwino wake: umakhala thupi bwino, ndipo umaphimba msana ku dzuwa, lomwe mu Okutobala ndi Novembala limawotcha munthu wogona pamadzi asakudziwa. Koma malaya wamba a mikono amachita zomwezo.

Chimene sindinyengerera nacho ndi lamba wodutsa m'mphechepeche. Mpweya umafuna kukwera, thupi limafuna kutsika. Popanda lamba ameneyu vesiti imakwera mpaka m'khosi, n'kukankha chibwano ndi snorkel, ndipo munthu amayamba kuigwira ndi manja m'malo mosambira. Mantha ambiri amene ndimawawona m'madzi amayambira pamenepo, osati pa kuya kwa nyanja. Yang'anani kuti lambayo ndi wotambalala, wosokedwa mobwereza pamene akumana ndi thumba, ndipo chomangira chake chimalira mukachitseka. Ena amachita manyazi kumanga lamba ameneyu, makamaka amayi pagulu. Valani kabudula kapena taiti mkati, koma lambayo mangani.

Kenaka valavu. Yabwino imatseguka pokhapokha mwaikankha ndi mano kapena chala, ndipo ili ndi kamphete kozungulitsa kuti ikhale yokhoma. Yesani musanalipire ngati n'kotheka: valani, onani ngati kapaipi kakufika pakamwa osapinda khosi mopweteka, uzirani ndi dzanja limodzi, tulutsani ndi dzanja limodzi. M'madzi dzanja linalo limakhala lotanganidwa. Zija za valavu yofinya ngati ya mpira wa ana wa padziwe zisiyeni, sizikulolani kuwonjezera mpweya muli pakati pa mafunde.

Za nsalu sindichulutsa. Nayiloni yomatidwa ndi polyurethane mkati imapirira kupindidwa kuposa pulasitiki ya PVC, yomwe imauma n'kung'aluka m'mapindiro ikakhalitsa m'kabati. Kwa inu amene vesiti idzagona miyezi khumi osaigwira, zimenezi n'zofunika kuposa kupepuka kwake. Mtundu ukhale wachikasu kapena wa olenji. Pakati pa Chembe ndi Thumbi pamadutsa maboti a injini, makayaki ndi mabwato a asodzi, ndipo mutu wa munthu pamadzi ndi kanthu kakang'ono kwambiri kwa woyendetsa amene dzuwa likumuthobwa m'maso. Yakuda kapena yabuluu imaoneka bwino pa chithunzi basi. Mangiriranipo kawezulo kapulasitiki.

Saizi imayenda ndi kulemera kwa thupi, ndipo opanga amalemba malire ake. Musagule yaikulu poganiza kuti idzanyamula kwambiri, idzangogwedera. Mukapeza ya pa kaunjika, uzirani mpaka ilimbe, muiviike m'beseni muwone ngati pakutuluka thovu m'mphepete ndi pa tsinde la kapaipi, kenaka muisiye usiku wonse. Ikafota pofika m'mawa, imeneyo si yolowa nayo m'nyanja.

Polowa m'madzi musadzaze mpweya wonse. Vesiti yothina ndi mpweya imakweza chifuwa, miyendo n'kulendewera, ndipo mumatopa msanga. Ikani pang'ono, muwonjezere mukafuna kupuma, ndipo chitani zimenezo kutopa kusanafike poipa chifukwa munthu wa wefuwefu sauzira bwino. Dziwaninso kuti vesiti silimbana ndi mphepo. Kuyambira mwezi wa Meyi mpaka Ogasiti mwera umawomba kuchokera kum'mwera chakum'mawa, ndipo munthu woyandama kwambiri ndi amene amatengedwa mosavuta. Mverani woyendetsa boti akanena kuti lero tikhale mbali iyi ya chilumba. Malo amenewa ali m'paki ya Lake Malawi National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 1984 chifukwa cha nsomba zomwezi. Vesiti imakuthandizani kupuma osaponda kapena kugwira miyala yomwe mbuna zimadyapo ndere.

Mukatuluka, tsukani ndi madzi oyera, tulutsani madzi amene alowa mkati kudzera pa kapaipi, ndipo yanikani pamthunzi. Musaisiye yodzaza mpweya pamchenga kapena m'galimoto yotseka masana a ku Mangochi, chifukwa mpweya ukatentha umatukumuka n'kuphulitsa m'mphepete momwe anamata. Posunga kunyumba ikulungeni momasuka m'malo mopinda pamzere womwewo chaka ndi chaka, ndipo muiyese m'beseni sabata imodzi ulendo usanafike, nthawi yopeza ina ikadalipo.