Ku Turkmenistan si mchenga wokhawokha

Ambiri akamva za Turkmenistan, dziko la m'chigawo chapakati cha Asia, amangoganiza za chipululu cha Karakum, ngamila ndi dzenje loyaka moto la Darvaza, ngati kuti kumeneko sikunakhaleko mizinda. Kumeneku n'kulichimwira dzikoli. Pafupi ndi mzinda wa Mary pali mabwinja a Merv, mzinda umene unkadalira madzi a mtsinje wa Murghab, ndipo m'zaka za m'ma 1100 unali likulu la mfumu yotchedwa Sultan Sanjar. Manda ake alipobe: chinyumba chachitali cha njerwa zowotcha, cha denga lozungulira, choonekera kutali. Makoma adothi a Kyz Kala, linga lakale la ku Merv komweko, amizeremizere ngati malata, nawonso akadali chiimire. Asilikali a ku Mongolia anaphwasula Merv mu 1221, ndipo UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inayamba kuteteza malowa mu 1999.