Jupiter Sabwerera M'mbuyo, Ndife Timamupitirira

Ndimaphunzitsa fizikisi kuno ku Mangochi, ndipo pali bodza limene landitopetsa. Pafupifupi chaka chilichonse pa WhatsApp pamazungulira uthenga woti nyenyezi yowala ija yatembenuka, ikubwerera m'mbuyo, ndiye kukubwera tsoka. Abale anga, imene ija si nyenyezi, komanso si Nthanda, pakuti Nthanda ndi Venus. Ameneyu ndi Jupiter, pulaneti yaikulu kuposa onse ozungulira dzuwa, chimpira cha mpweya chopanda nthaka yopondapo.

Kubwererako n'kwa m'maso mwathu. Jupiter amayenda makilomita 13 pa sekondi, ndipo kuti azungulire dzuwa zimamutengera zaka pafupifupi 12. Dziko lathu limayenda makilomita 30 pa sekondi, njira yake ndi yam'kati. Choncho pakatha miyezi 13 timamupeza n'kumupitirira. Amene munakwerapo boti la injini ku Monkey Bay mukudziwa: mukamapitirira bwato lopalasa, limaoneka ngati likutsetserekera kumbuyo, chonsecho msodziyo akupalasa chamtsogolo, thukuta lili kamukamu. Kwa miyezi inayi Jupiter amaoneka choncho, kenako n'kuyambiranso kuoneka akupita kutsogolo.

Ndipo sayenda yekha. Mu Januwale 1610, katswiri wa zakuthambo wa ku Italy, Galileo Galilei, anaona ndi galasi loonera kutali timadontho tinayi pambali pake, tikusinthasintha malo usiku ndi usiku. Ndiyo miyezi yake ikuluikulu, yomuzungulira monga mwezi wathu umazungulira dziko: Io, Europa, Ganymede ndi Callisto. Io amamuzungulira m'maola 42 okha, Callisto masiku pafupifupi 17. Chimene chimandisangalatsa n'chakuti Ganymede akazungulira kamodzi, Europa wazungulira kawiri, Io kanayi, osaphonya. Kukokanakokana kwa Jupiter ndi miyezi imeneyi kumakanya Io mpaka m'kati mwake kutentha, n'chifukwa chake wadzaza ndi mapiri ophulika moto. Ganymede ndi wamkulu kuposa pulaneti ya Mercury.

Ana a Folomu 3 amandifunsa kuti, "Aphunzitsi, nanga Jupiter akuthamanga choncho, miyeziyi siitsalira?" Siingatsale. Ili kale pa liwiro limodzi ndi iye kuzungulira dzuwa, ndipo mphamvu yake yokoka imaigwira. Galileo anaona pamenepo kuti nalonso dziko lathu likhoza kuyenda osataya mwezi wake.

Nkhani imene imandipwetekabe ndi ya mayi wina, kholo la mwana wa m'kalasi mwanga. Mwamuna wawo ankatsokomola, akuonda, usiku thukuta kunyowetsa mphasa. Munthu wina wodzitcha mneneri anawalozera Jupiter, nati nyenyezi ya banja lawo yabwezedwa ndi achibale, matendawo sangathe isanawongoledwe. Mayiwo anagulitsa mbuzi ziwiri. Anadikira, n'kudikira. Jupiter atayambiranso kuoneka akupita kutsogolo, monga amachitira nthawi zonse, mneneri uja anati ndi ntchito yake. Bambowo anafika kuchipatala atanyamulidwa, TB itawadya kale mapapo, pamene mankhwala ake ndi aulere.

Zimandikwiyitsa chifukwa tsiku limene Jupiter adzaoneke ngati watembenuka limawerengedwa zaka zambiri lisanafike. Aliyense wa foni angalipeze, ndipo akuba amenewa amalipezadi. Pulaneti yotalikira makilomita oposa 580 miliyoni siidziwa dzina la munthu. Wina akakuuzani kuti akonza nyenyezi yanu, musamupatse ngakhale tambala. Ngati m'nyumba muli wodwala chifuwa kwa milungu iwiri, mawa lomwe akayezetse makhololo.