Opaleshoni ya mtima sichotsa BP

Mawu amene ndatopa nawo ndi awa: "Adokotala, anandipanga kale opaleshoni ya mtima, ndiye BP inatha." Sinathe ayi. Pa opaleshoni ya bypass, madokotala amatenga mtsempha wa m'mwendo, wa m'kati mwa chifuwa kapena wa pamkono n'kuusokerera kuti magazi azilambalala pamene mtsempha wa mtima watsekeka. Basi. Matenda othamanga magazi amakhala m'mitsempha ya thupi lonse ndi mu impso, kumene mpeni sunafikeko.

Opaleshoni isanachitike, musadzisankhire nokha mapiritsi oti musiye. Atenolol, bisoprolol ndi metoprolol amamwedwa mpaka tsiku lomwelo, chifukwa kuwasiya mwadzidzidzi kumathamangitsa mtima ndi kukweza BP, komanso amateteza ku kagundidwe kosokonekera kamene kamagwira pafupifupi wodwala mmodzi mwa atatu pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu pambuyo pa opaleshoni. Enalapril, lisinopril ndi losartan nthawi zambiri amaimitsidwa maola 24 mpaka 48, chifukwa akakumana ndi mankhwala ogonetsa BP imatha kugwa kwambiri. Clopidogrel, woteteza magazi kuti asaundane, amaimitsidwa masiku 5 kuti musataye magazi ambiri. Wonena zonsezi ndi dokotala amene akupangeni opaleshoniyo. Mukafika ndi BP ya 180/110 akhoza kusuntha tsiku, ndipo kwa amene wapita ku India kapena ku South Africa, tsiku lililonse ndi ndalama. Mapiritsi a adyo, ginkgo ndi mankhwala azitsamba muwaulule, osabisa.

Maola oyamba opaleshoni itatha, mu ICU (chipinda cha odwala mwakayakaya), BP imakonda kukwera chifukwa cha ululu, kunjenjemera ndi paipi ya pakhosi. Ikakwera, posokedwa pamatha kuchucha magazi mpaka munthu kubwerera ku fiyeta. Koma apa anamwino ali maso: kachubu ka pamkono kamaonetsa BP nthawi zonse, ndipo amaitsitsa ndi mankhwala a m'diripi monga nitroglycerin.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi kunyumba. Munthu wabwerako, magazi anachepa, waonda, chakudya sichikulowa, ndiye kwa masabata angapo makina akuonetsa 110/70. Abale akusangalala. Mapiritsi amene anabwera nawo akatha, sagulanso ena. Pakatha miyezi itatu kapena inayi thupi labwerera, mchere wabwerera, BP ili pa 170, koma iye sakumva kalikonse poti matendawa sapweteka. Tsono mtsempha wa m'mwendo uja unazolowera magazi oyenda pang'onopang'ono. Mphamvu ya BP yokwera imaukhuthalitsa m'kati mpaka njira kuchepa. Ngakhale mwa odwala onse, pafupifupi theka la mitsempha yotereyi imakhala itatsekeka kapena kuwonongeka pakatha zaka 10. Nanga wosiya mankhwala? Amabwera akubanika, mapazi atatupa, kapena atafa ziwalo, banja litagulitsa kale munda kuti apite kunja. Opaleshoni yachiwiri ndi yovuta komanso yoopsa kuposa yoyamba.

Ndipo amene amamukankhira kudzenjeko ndi aja ogulitsa mabotolo m'madepoti ndi pa WhatsApp, amene amati "amatsuka mitsempha". Palibe chakumwa chimene chimatsuka mtsempha. Choopsa kwambiri n'chakuti amauza munthu kuti asiye za kuchipatala, ndi aspirin yemwe, chonsecho ndiye amene akuteteza mtsempha watsopanowo kuti magazi asaundane.

Mapiritsi akatsala a sabata imodzi, tengani bokosi lake ndi kalata yotulutsidwira m'chipatala mupite kwa dokotala. Dzina la kampani lingasiyane, koma dzina lenileni la mankhwala, lolembedwa mwa tizilembo tating'ono, ndi lomwelo. Ngati mukuchita chizungulire mukaimirira, mwina mlingo wa mankhwala ndi umene ukufunika kuchepetsedwa, ndipo wochepetsa ndi dokotala. Chilonda chikamawawa imwani Panado. Brufen, diclofenac ndi Indocid amakweza BP ndi kuwononga impso.

Tikufuna BP ikhale pansi pa 130/80. Yezani m'mawa musanamwe mankhwala ndi madzulo, mutakhala pampando mphindi 5, mkono uli patebulo molingana ndi mtima, kawiri motalikirana mphindi imodzi. Ngati anachotsa mtsempha pamkono, yezani mkono winawo. Lembani manambala m'buku lanu la kuchipatala. Mchere usapose magalamu 5 pa tsiku, yomwe ndi sipuni yaing'ono imodzi, kuphatikizapo wa mu buledi, nsomba zamchere, timakyubu tokometsera ndiwo ndi soda wa mu therere.

BP ikafika 180/120 ndipo mukumva kupweteka pachifuwa, kubanika, pakamwa papotoka, mkono wafooka kapena mawu sakutuluka bwino, musadikire kuti kuche, musamwenso piritsi lina n'kugona. Pezani galimoto nthawi yomweyo mupite kuchipatala chachikulu, mutanyamula kalata ya opaleshoni ndi mankhwala anu onse.