Cheke cholakwika musachifufute m'kompyuta

Mwezi uno wokha anthu atatu andibweretsera mabuku a ndalama odwala nthenda imodzi. Ndikatsegula pulogalamu imene amalembamo ndalama zawo, manambala a macheke amayenda bwinobwino, 000214, 000215, 000216, kenako n'kudumphira pa 000218. Ndikafunsa kuti nanga 217 chili kuti, yankho lake ndi lomwe lija ndakhala ndikulimva zaka zonsezi: "Chinalakwika, ndiye ndinangochichotsa." Ndikafunsanso kuti pepala lakelo lili kuti, munthu amayang'ana kudenga. Wina anang'amba n'kutaya, wina sakukumbuka, wina akuti mwina lili m'dirowa kunyumba. Ndatopa nako kufotokozera munthu mmodzimmodzi pa desiki panga, n'chifukwa chake ndati ndilembe.

Mapulogalamu amene ambiri mumagwiritsa ntchito ali ndi mabatani awiri amene anthu amawayesa pachibale, Delete ndi Void. Si pachibale ayi. Delete amachotsa mzere wonse, ngati chekecho sichinalembedwepo n'komwe. Void amasiya mzerewo pamalo pake, tsiku lake, nambala yake ndi dzina la amene munamulembera, koma ndalamayo amaisandutsa ziro. Mu Quicken mawu akuti VOID amabwera kutsogolo kwa dzina la wolipidwayo. Mu QuickBooks ndalama imakhala 0.00 ndipo mawu omwewo amalowa pamalo a ndemanga. GnuCash, imene ndi yaulere, imayamba yakufunsani chifukwa chake, kenako imaika chilembo cha v pamzerepo, ndipo mukazindikira kuti munalakwitsa mutha kubweza. Ngati mumalemba mu Excel, palibe batani lokuchitirani zimenezi, koma nzeru yake ndi yomweyo: mzere usiyeni, ndalama ikani ziro, pambali lembani chimene chinachitika.

Chifukwa chake n'chakuti macheke amabwera ndi manambala otsatizana, ndipo nambala iliyonse iyenera kukhala ndi nkhani yake. Wofufuza mabuku akakhala pansi, sayamba ndi kuwonkhetsa. Amayamba ndi kutsatira manambala ndi chala. Akapeza mpata, sangadziwe ngati cheke chinang'ambidwa chifukwa munalemba molakwika dzina, kapena chili m'thumba mwa munthu wina chikudikira tsiku lake. Inuyo mukudziwa lero. Ikatha miyezi 8 simudzakumbuka, ndipo amene adzalowe m'malo mwanu sadzakhala ndi pofunsa.

Cheke chimene chalakwika chikadali m'manja mwanu sichivuta, sindichedwapo. Lembani CANCELLED ndi zilembo zazikulu modutsa pakati, ndi cholembera osati pensulo. Ngati chinasainidwa kale, dulani kapena boolani pamene pali siginecha. Chimangirireni ndi sitepula ku kachidutswa kake kotsala m'buku la macheke. Kenako lowetsani nambala yake m'pulogalamu, ngakhale munali musanachilowetse, ndi ndalama ya ziro. Basi. Amene muli ku America mabwana amakupemphani cheke cholembedwa VOID kuti atengepo manambala a banki ndi a akaunti yolandirira malipiro. Chimenechonso chatuluka m'buku, chilembeni. Ndipo musamangotumiza chithunzi chake pa WhatsApp kwa aliyense, pajatu nambala ya akaunti yanu ikuonekera poyera.

Vuto lenileni ndi cheke chimene chinachoka kale m'manja mwanu. Apa ndipamene ndikufuna mundimvetsere, chifukwa pali nkhani ina imene mpaka lero imandisowetsa mtendere.

Panali mayi wina, msungichuma wa komiti yomanga pa mpingo wina. Munthu wosamala, wolemba bwino, malisiti ake onse anali m'faelo motsatira masiku. Analembera cheke munthu wogulitsa malata, K480,000, osainira awiri anasaina, chinaperekedwa. Patapita sabata ziwiri wamalata uja anaimba kuti cheke chasowa, mnyamata wake wachitaya panjira, alembereni china ntchito isaime. Mayi aja anachita zimene munthu wachifundo aliyense akanachita. Analemba china. Atafika pa kompyuta anaona kuti malata alembedwa kawiri ndipo ndalama yotsala ikuoneka yochepa, ndiye anafufuta choyamba chija kuti mabuku aoneke bwino. Ku banki sanapiteko. M'maganizo mwawo cheke chinali chitafa, poti pa kompyuta sichinkaonekanso.

Koma banki sidziwa zimene zili m'kompyuta yanu. Ndibwerezenso, chifukwa apa ndipamene anthu ophunzira bwino amagwera: kaya mwadina Delete kaya Void, banki simunaiuze kanthu. Pepala lija likadali ndi moyo. Lili ndi masiginecha awiri, lili ndi tsiku, ndipo cheke chimakhala ndi mphamvu mpaka miyezi 6 kuchokera pa tsiku lolembedwapo. Cheke cha mayi aja chachiwiri chinalowa sabata yomweyo. Choyamba chija, chimene amati chinatayika, chinalowa patapita miyezi itatu.

Akanakhala kuti ankatsegula sitetimenti ya ku banki mwezi ndi mwezi, akanachiona msanga, wamalata uja akadali pamalo pake. Koma masitetimenti ankangounjikana. Pofika nthawi yokonza lipoti la pachaka, ndalama ya m'kompyuta ndi ya ku banki zinasiyana ndi K480,000 ndendende. M'malo mofufuza, anaitana mnyamata wina wodziwa makompyuta, amene anawauza kuti ndi kavuto kakang'ono, iye akonza. Anakonzadi mwa njira yake. Pulogalamu ikaona kuti ziwerengero sizikugwirizana imakufunsani ngati mukufuna kuti iyo ilowetse kamzere kofananitsira, ndipo mnyamatayo anangovomera. Ziwerengero zinafanana, analipidwa, anapita.

Mabukuwo anafika kwa ine mpingo utapempha kuti munthu wapadera awaone. Tangoganizani zimene ndinaona patebulo. Cheke chatapidwa ku banki, m'mabuku mulibe. Mbiri ya m'pulogalamu, imene imasunga chilichonse chimene chasinthidwa, ikusonyeza kuti chinalipo ndipo amene anachifufuta ndi msungichuma. Pamwamba pake pali kamzere kopanda dzina, kopanda lisiti, kotseka dzenje la ndalama yomweyo. Munthu wakuba akafuna kubisa, amasiya mapazi otere ndendende. Ine nditakhala nawo pansi ndi kutsatira zonse ndinakhutira kuti mayi aja sanadye ngakhale tambala, ndipo ndinalemba choncho m'lipoti langa. Chithunzi cha cheke chimene banki inatipatsa chinaonetsa akaunti imene ndalama inalowa, sinali yawo. Koma wamalata uja anali atatseka sitolo n'kusamuka, ndipo nkhani inali itafala kale pakati pa akhristu lipoti langa lisanawerengedwe. Anatula pansi udindo. Ndinawaona tsiku limene anabwera kudzatenga faelo yawo, anaikumbatira pachifuwa ndi manja onse awiri, n'kundifunsa kuti, "Achimwene, ndiye ndinalakwa pati?" Ndinawafotokozera. Zimene ndinawauza tsiku limenelo zikanawatengera ola limodzi lokha akanazidziwa miyezi 10 m'mbuyomo, ndipo chimenechi ndi chimene chimandiwawa.

Munthu akakuuzani kuti cheke chatayika, musayambe ndi kompyuta. Pitani ku banki tsiku lomwelo, osati mawa, osati Lolemba, mukaimitse malipiro a cheke chimenecho. Mukapereke kalata yosainidwa ndi osainira a akauntiyo, yokhala ndi nambala ya cheke, tsiku, ndalama ndi dzina la wolipidwa. Banki imayamba yaona ngati sichinalipidwe kale. Nthawi zambiri pamakhala kandalama kolipira, ndipo ndaonapo anthu akuzengereza chifukwa cha kandalama kameneko pamene cheke chake ndi cha ndalama zikwi mazanamazana. Lipirani. Kope la kalatayo a ku banki alidinde, mulisunge. Mukatero ndiye mubwere pa kompyuta, mudine Void, ndipo pa ndemanga mulembe kuti chinatayika, chinaimitsidwa ku banki tsiku lakuti, chalowedwa m'malo ndi nambala yakuti. Cheke chatsopano chilembedwe pamzere wakewake. Ndikuonanso ena amangosintha nambala pamzere wakale uja, 217 n'kukhala 223. Kumeneko ndi kufufuta komwe, kungoti kwavala malaya ena.

Cheke chimene chaoneka kale pa sitetimenti musachikhudze n'komwe. Ndalama inatuluka, nkhani yake inatha. Mukachipanga Void, mwezi wotsatira mudzapeza kuti ndalama yoyambira pofananitsa ndi sitetimenti yasintha, ndipo mudzatha usiku wonse mukufunafuna chimene munaswa nokha. Ngati munthuyo wakubwezerani ndalamayo, imeneyo ndi ndalama yolowa, ilembeni pa tsiku limene yalowa.

Pali kamsampha kena kamene ngakhale anzanga a ntchito yomweyi amakodwamo. Munalemba cheke mu Novembala, mabuku munatseka mu Disembala, lipoti linawerengedwa pamsonkhano, mwinanso za msonkho munapereka kale ku MRA. Kenako mu Meyi mwaona kuti cheke chija sichinatapidwe ndipo nthawi yake yatha. Mukadina Void pamzere wa mu Novembala uja, pulogalamu imasandutsa ndalamayo ziro pa tsiku lakalelo, osati lero. Ndiye kuti ziwerengero za chaka chatha zasintha mwakachetechete. Lipoti limene anthu ali nalo m'manja silikufanananso ndi limene kompyuta itulutse mawa, ndipo tsiku lina wina adzafunsa chifukwa chake. Chochita apa n'kusiya mzere wakalewo momwe ulili, n'kulowetsa mzere watsopano wa tsiku la lero wobweza ndalama yomweyo ku gulu lomwelo la zowonongera, ndi ndemanga yotchula nambala ya cheke. Pofananitsa ndi sitetimenti muchonge mizere yonse iwiri, imadyana yokha, yotsala ndi ziro. Ndipo musaiwale kuti cheke kutha mphamvu si ngongole kutha. Amene anakugwirirani ntchito uja ndalama yake ikadali kwa inu, mufunefuneni.

Ena amandiuza kuti zonsezi n'zachikale, macheke akutha. Ku South Africa anathadi, mabanki analeka kuwalandira pa 31 Disembala 2020, ndipo kuno kwathu ambiri tikulipirana pa foni. Koma mabuku amene amafika pa desiki panga, a mipingo, a masukulu, a mabungwe ang'onoang'ono, a anthu a nyumba za lendi, akadali ndi macheke, makamaka kumene malamulo awo amafuna masiginecha awiri. Ndipo ngakhale mutasiya kulemba lero, buku lanu lakale lili ndi macheke amene sanabwerere. Amenewo ndi amene ndikuwaopa.

Za anyamata okonza mabukuwa ndinenepo mosabisa. Kudziwa kuika pulogalamu m'kompyuta si kudziwa mabuku. Munthu amene akulonjeza kuti ziwerengero zifanana lero lomwe, asanapemphe buku la macheke, asanapemphe masitetimenti onse, musamupatse mpando. Kusiyana kwa ndalama ndi uthenga, kukukuuzani kuti penapake pali chimene chachitika. Iye akakuphimba amalandira yake n'kupita, dzina lotsala pa mabukuwo ndi lanu. Mu QuickBooks timizere totere timakagwera mu akaunti yotchedwa Reconciliation Discrepancies, mu Quicken timalembedwa kuti Balance Adjustment. Tsegulani muone. Mukapezamo ndalama imene simukuidziwa, pitani nayo kwa akauntanti weniweni sabata ino, nkhani ikadali yaing'ono ndipo anthu okhudzidwa akadapezeka.

Madzulo ano tengani buku la macheke, mutsegule pulogalamu, muyende nambala ndi nambala kuyambira tsamba loyamba. Pamene pali mpata, funani pepala lake. Mukalipeza, lilembeni CANCELLED, limangirireni, nambala yake ibwerere m'kompyuta ndi ziro. Mukapanda kulipeza, ndipo tsiku lake silinapitirire miyezi 6, mawa m'mawa banki ikamatsegula ikupezeni pakhomo ndi kalata m'manja.