Paki yopanda mowa ya ku Cleveland

M'mphepete mwa nyanja ya Erie, mumzinda wa Cleveland ku America, muli chipata chachikulu chomwe sichikulowetsanso munthu kulikonse. Ndi chimodzi mwa zinthu zochepa zotsala za Euclid Beach Park, malo azisangalalo omwe adatsegulidwa mu 1895.

Zaka zoyambirira kunali mowa ndi juga, ndipo bizinesi sinkayenda. Mu 1901 malowo adawatenga a banja la Humphrey, anthu omwe ankagulitsa mbuliwuli. Dudley Humphrey ndi abale ake adathamangitsa ogulitsa mowa, adachotsa ndalama yapakhomo, munthu n'kumalipira sewero lokhalo limene wakwera. Wobwera ataledzera ankabwezedwa pachipata. Ambiri ankati popanda mowa malowo agwa, koma makolo adayamba kukhamukirako ndi ana awo. Kudabwera akavalo amatabwa ozungulira mu 1910, kenako sitima zothamanga panjanji yokwera ndi kutsika: Thriller mu 1924, Flying Turns mu 1930.

Okalamba a ku Cleveland akamakumba zakale, amatchula ukhondo ndi ulemu wa pamalopo. Mbali imene sikambidwa kawirikawiri ndi yakuti “ulemu” womwewo unkasankha khungu. Munthu wakuda ankatha kulowa, koma holo yovinira ndi malo osambira sizinali zake. Mu 1946 achinyamata akuda ndi azungu a gulu la CORE, lolimbana ndi kusankhana mitundu, adapitako limodzi kukayesa lamulolo, alonda n'kuwatulutsa. Mu September chaka chomwecho mkangano udakula mpaka wapolisi wachikuda, Lynn Coleman, adavulala mwendo ndi chipolopolo. Khonsolo ya mzindawo idakhazikitsa lamulo mu 1947 lakuti malo otere akamasankha mitundu alandidwe chiphaso. Eni paki adachita ukathyali: holo yovinira adaisandutsa ya kalabu ya mamembala okhaokha. Kwa ine, apa mpamene mbiri ya “paki ya mabanja” idathimbirira.

Mapeto adadza pang'onopang'ono. Anthu atagula magalimoto ankapita kutali, ku paki ina yazisangalalo ya Cedar Point, ndipo madzi a nyanjayo adaipa. Pa 28 September 1969 paki idatsekedwa.

Akavalo aja adagulitsidwa ku Old Orchard Beach m'chigawo cha Maine. Patapita zaka adabwerera kwawo, ndipo kuyambira 2014 akuzunguliranso m'nyumba yosungiramo mbiri ya Western Reserve Historical Society. Mbuliwuli za dzina la Humphrey zikugulitsidwabe m'masitolo a mumzindawo.