Pulezidenti akatchula dzina, nkhani siithera pomwepo

Pali mphekesera yomwe yafala m'magulu a WhatsApp kuno ku Mangochi, ngakhale anyamata a kabaza pa mlatho wa Shire amaikamba: ati Pulezidenti akangotchula munthu kuti akhale kazembe kapena mkulu wa majaji, basi zatha, aphungu amangoomba m'manja. Abale anga, zimenezi si zoona.

Malamulo oyendetsera dziko lino akuti mkulu wa majaji, akasankhidwa ndi Pulezidenti, ayenera kuvomerezedwa ndi magawo awiri mwa atatu a aphungu omwe alipo ndipo aponya voti. Majaji enawo sadutsa ku Nyumba ya Malamulo. Pulezidenti amawasankha potsatira malangizo a bungwe loona za ntchito za majaji la Judicial Service Commission. Akazembe, pamodzi ndi mkulu wa bungwe lothana ndi katangale la ACB, amakaonekera pamaso pa komiti ya aphungu yoona za kusankha anthu m'maudindo a boma ya Public Appointments Committee (PAC), yomwe ili ndi mphamvu zokana.

Ndipo imakanadi. Mu Meyi 2021 komitiyi idakana a Martha Chizuma pa udindo wa mkulu wa ACB, anthu adadandaula kwambiri, ndipo idawavomereza patadutsa masiku ochepa itakhalanso pansi. Zimandiwawa tikamaiwala kuti aphungu omwe timawavotera kuno kunyanja ali ndi mawu pa maudindo amenewa.