Mmene Black Friday Inayambira ku America

Black Friday, imene masiku ano masitolo a ku Johannesburg, London, Lilongwe ndi Blantyre amailengeza ndi zikwangwani zakuda, ndi tsiku la malonda otsika mtengo lochitika Lachisanu lotsatira chikondwerero cha Thanksgiving cha ku America, ndipo inamera pa chikondwererocho. Mu 1863, nkhondo yapachiweniweni ili mkati, Pulezidenti Abraham Lincoln analengeza kuti Lachinayi lomaliza la Novembala likhale tsiku lothokoza Mulungu. Mabanja amasonkhana n'kudyera limodzi nkhukundembo yowotcha. Eni masitolo akuluakulu nawo anali ndi mwambo wawo wosalembedwa: malonda a Khirisimasi asamayambe Thanksgiving isanadutse. Sitolo ya Macy's ku New York itayambitsa perete wake mu 1924, inkaika Santa Claus kumapeto kwenikweni, kusonyeza kuti nyengo yogula yatseguka.

Mkangano unabuka mu 1939. Chaka chimenecho Lachinayi lomaliza linagwa pa 30 Novembala, ndipo amalonda, amene anali asanachire ku mavuto a zachuma a m'ma 1930, anadandaula kuti masiku ogula achepa. Pulezidenti Franklin Roosevelt anawamvera n'kubweza chikondwererocho pa 23. Zigawo zina zinatsatira, zina zinakana, Texas inakondwerera masiku onse awiri. Makalendala anali atasindikizidwa kale, masewera a mpira a m'makoleji atakonzedwa kale. Mu Disembala 1941 nyumba ya malamulo inathetsa nkhaniyi poika lamulo lakuti tsikuli lizikhala Lachinayi la nambala 4 m'mwezi wa Novembala. Apa ndiye pagona nkhani: boma linasuntha tsiku lothokoza Mulungu n'cholinga choti anthu agule kwambiri, chifukwa ku America kugula kumatengedwa ngati kuthandiza dziko.

Dzina lenilenilo lakuti Black Friday linafala kuchokera kwa apolisi a ku Philadelphia cha kumayambiriro kwa m'ma 1960. Iwo ankadana nalo tsikuli chifukwa misewu inkadzaza ndi ogula komanso anthu obwera kudzaonera mpira wa Loweruka wa pakati pa masukulu a asilikali a Army ndi Navy. Nkhani yoti ndi tsiku limene mabuku a masitolo amachoka mu inki yofiira ya kuluza n'kulowa mu yakuda ya phindu inabwera pambuyo, m'ma 1980.

Chimene chinapatsa mwambowu mphamvu ndi ngongole. Mu 1958 Bank of America inatumiza makhadi angongole pafupifupi 60,000 kwa anthu a mumzinda wa Fresno asanawapemphe n'komwe, ndipo khadi imeneyo ndi imene inadzakhala Visa mu 1976. Mu 1989 kunabwera sikolo ya FICO, nambala yoyambira 300 kufika 850 yoyeza kudalirika kwa munthu. Gawo la 35 peresenti limachokera pa kubweza ngongole nthawi yake, 30 peresenti pa kukula kwa ngongole zimene uli nazo, 15 peresenti pa zaka zimene wakhala ukubwereka, ndipo zotsalazo n'za ngongole zatsopano ndi mitundu yake. Mabanki amaiyang'ana, eni nyumba zalendi ambiri amaiyang'ananso. Choncho munthu amene sanabwerekepo, yemwe kwathu kuno tingamuyamikire kuti ndi wodzisunga, kumeneko amaoneka ngati wosadziwika. Amalawi ongofika kumene ku America amakumana nazo zimenezi posaka nyumba kapena galimoto. Mbiri ya munthu imamangidwa pa kubwereka ndi kugula, ndipo ichi n'chinthu chachikulu kuposa mmene ambiri amachionera.

Malonda a tsikuli ali ndi kachitidwe kake. Sitolo imasankha katundu mmodzi kapena awiri, kawirikawiri TV kapena laputopu, n'kumutsitsa mtengo kwambiri, mwina mpaka kuluzapo. Katunduyo amakhala wochepa dala, ndipo tizilembo tating'ono pansi pa chikwangwani timanena kuti akatha watha. Cholinga n'chakuti wolowa asatuluke chimanjamanja. Ma TV ena amapangidwira nyengo yomweyi: dzina la kampani ndi lomwelo, koma nambala ya modelo yasiyana pang'ono, mabowo a HDMI olumikizira zipangizo zina ndi ochepa, zipangizo zamkati n'zotchipa. Kwina mtengo umakwezedwa masabata angapo m'mbuyo kuti kutsika kwake kuoneke kwakukulu.

Kenako pamabwera chiwongoladzanja. Tiyerekeze TV ya madola 500 yogulidwa pa khadi ya 22 peresenti pachaka. Mwezi woyamba wokha chiwongoladzanja ndi madola 9. Wobweza madola 25 pamwezi amatha zaka ziwiri ndi kanthu asanamalize, atawonjezerapo pafupifupi madola 128. Ngati kutsika kwa mtengo kunali madola 100, phindu lonse lapita ku banki.

Choipa kwambiri chinachitika mu 2008 pa sitolo ya Walmart ya ku Valley Stream, New York, pamene khamu la anthu pafupifupi 2,000 linathyola zitseko m'mamawa n'kupondereza wantchito mpaka kufa. Kuchokera pamenepo masitolo ambiri anayamba kugawa matikiti pamzere, kuika zotchingira ndi kulowetsa anthu m'magulumagulu. Intaneti inachepetsanso kukankhanako: dzina la Cyber Monday, Lolemba lotsatira la malonda a pa intaneti, linayamba mu 2005, ndipo lero malonda amene anali a tsiku limodzi amayamba Novembala akangolowa.